Nkhope ya Bambo a Sayali

Kuyabwako kunayambira m'zikope. Amuna anga ankabwera kuchokera kumunda maso ali psuu, n'kukhala pakhonde akudzitikita ndi nsonga ya mpango wawo wa paphewa. Ine ndinkati ndi fumbi la mapira, iwo ankati ndi thukuta. Nyengo yozizira itafika zinazilala, ife n'kuiwalako. Chaka chotsatira zinabweranso, ulendo uno zitatsikira m'khosi, kuseri kwa makutu ndi mopindikira mikono. Pofika chaka chimene mwana wathu Sayali anamaliza maphunziro a uphunzitsi, nkhope ya bambo ake inali itasanduka ina. Khungu linada n'kukhuthala ngati khungwa la mtengo wa nimu, pachipumi panalembeka mizere yakuya, nsidze zinathothoka ndi kukanda. Munthu wa mphamvu zake, wonyamula yekha thumba la anyezi, ankaoneka ngati gogo.

Sikuti tinangopinda manja. Kusitolo ya mankhwala ya pamsika anatipatsa mafuta a m'kachubu. Akapaka, khungu linkasalala, koma akangosiya zinkabwerera ndi ukali. Pasiteji ya basi panali bambo wina wobaya jakisoni kuseri kwa katani. Jakisoni wakeyo ankagonetsadi kuyabwa kwa kanthawi, koma masaya a amuna anga anayamba kufufuma ngati a munthu wolumidwa ndi njuchi. Apongozi anga nawo anachita zawo: madzi a masamba a nimu osamba, chikasu chopaka, ndiponso anawaletsa mabiringanya, chambiko ndi nsomba zouma. Mwana wawoyo anaonda, koma kukanda sanasiye.

Kenaka kunabwera nkhani ya ukwati. Mlongo wanga wamng'ono Vilas, amene amagula ndi kugulitsa anyezi ndipo palibe mudzi umene alibeko mnzake, anatipezera banja la a Thorat a kutsidya kwa ngalande yaikulu. Mwana wawo Nilesh ankagwira ntchito muofesi ya kufakitale ya shuga. Anabwera Lamlungu kudzaona mtsikana: bambo, mayi, mnyamatayo ndi azakhali ake awiri. Sayali anavala sari yobiriwira, analowa ndi thireyi ya tiyi ndi poha, chakudya cha mpunga wophwanya, mafunso onse anayankha mosadodoma. Mnyamatayo ankangoyang'ana zala zake za kumapazi, akumwetulira.

Ine ndinaima pakhomo la kukhitchini, ndipo maso anga sanali pa mnyamata. Ndinkayang'ana mayi ake, a Sunandabai. Amuna anga atatenga kapu ya tiyi pathireyi n'kuwapatsira ndi manja awiri, mayiwo anailandira ndi nsonga za zala, anaiika pansi pafupi ndi phazi, ndipo tiyiyo anazizirira pomwepo.

Patapita masiku, Vilas anabwera. Anazimitsira njinga yake yamoto patali, n'kulowa mwakachetechete ngati kuli maliro.

"Achemwali, mtsikanayo amukonda ndithu," anatero akupukuta magalasi. "Vuto ndi alamuwa."

"Alamu ako atani? Kodi akufuna kukwatira iwowo?"

"Musachite nthabwala. Akuti nkhope ija... akuti mwina ndi matenda aakulu aja."

Kwathu khate sitilitchula dzina. Timangoti matenda aakulu, ndipo aliyense amamva.

"Wanena ndani?"

"Azakhali ajawo. Akuti nsidze zikathothoka choncho ndiye kuti basi. Akuti tidikire kaye, adzatiuza."

"Iwe unawayankha chiyani?"

Vilas anapitiriza kupukuta magalasi amene anali oyera kale.

Azakhali a Nilesh sanauze Vilas yekha. Mphekesera inaoloka ngalande mofulumira kuposa njinga yamoto. Pogulitsira tiyi pamsika, mwini wake anayamba kusungira amuna anga kapu yawoyawo, yong'aluka pakamwa, imene ankaivundikira payokha pawindo. Wometa anati lezala latha. Anzawo amene ankaimba nawo nyimbo kukachisi Lachinayi lililonse anangoyamba kusiya mpata waukulu pamkeka. Tsiku lina amuna anga anatenga bulangete ndi ketulo, n'kunena kuti akukagona kumsasa wa kumunda chifukwa nguluwe zavuta. Nguluwe kunalibe chaka chimenecho.

Msasawo uli m'malire a munda, pamene pamamera gajar-gavat, tchire la masamba ngati a karoti ndi timaluwa toyera ting'onoting'ono. Kwathu lili paliponse, m'mbali mwa misewu, m'mabwinja, kuseri kwa sukulu, ndipo ngakhale mbuzi sizilidya. Palibe amene amaliyang'ana kawiri. Kumeneko zinthu zinaipiratu. Khungu linang'ambika n'kuyamba kutuluka madzi, zikope zinatupa moti m'mawa ankatsegula maso ndi zala.

Sayali ndiye anafunsa kwa anzake n'kumva kuti kuchipatala chachikulu cha ku Solapur kuli madokotala oona za khungu lokha. Anafuna kukawatenga yekha bambo ake, koma ndinamuuza kuti imeneyo ndi ntchito yanga.

Ndinawapeza masana atakhala pabedi la zingwe, malaya atavula, akukanda khosi ndi chitsononkho.

"Nyamukani, bambo a Sayali."

"Ndipite kuti?"

"Kunyumba, mukasambe. Mawa tikukwera basi yoyamba ya ku Solapur."

"Iwe, akakanena kuti ndi omwewo?"

"Akakanena choncho tikalandira mankhwala, masiku ano amachiza. Koma si amenewo. Zaka zonsezi ndagona nanu mkeka umodzi, ndadya zotsala m'mbale yanu, khungu langa ndi ili, lionetsetseni. Ndipo agogo aja a matenda aakulu a pafupi ndi chitsime mukuwakumbukira, ankapsa ndi mbaula osamva kanthu. Inu ntchentche ikangokuterani mumalumpha."

"Ndawonongera mwana ukwati."

"Mwana wanu sanakutumeni kudzalira kuno. Valani malaya."

Anandiyang'ana ndi timaso totupato, kenaka anatola ketulo.

Kuchipatala tinapeza benchi itadzaza kale, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri palibe amene anasuntha amuna anga atakhala. Aliyense anali ndi lake. Kumanja kwathu kunali mmisiri womanga nyumba, manja ake atang'ambikang'ambika ngati dothi la m'chilimwe. Patsogolo panali mayi wovala bwino, chipumi ndi makutu zitatupa, tsitsi lili bii ngati la mtsikana. Mayi wina anali atagwira manja a kamwana kake kuti kasakande kuseri kwa mawondo.

"Simenti," anatero mmisiriyo atationa tikuyang'ana manja ake. "Zaka makumi awiri ndakhala ndikuikanda ngati ufa, lero akuti thupi laikana. Inu chakudyani n'chiyani, akulu?"

"Sindikudziwa," anayankha amuna anga.

"Akupezerani. Amamata tinthu pamsana, ndiye khungu limaulula lokha. Awo ndi mankhwala odetsa tsitsi," analoza ndi mlomo mayi wa patsogolo uja.

Mayiwo anatembenuka. "Ndakufunsani, bambo?"

"Pepani, mayi. Koma imvi n'zabwino, sizitupitsa makutu."

Benchi yonse inaseka, ngakhale mayiwo anabisa pakamwa ndi nsonga ya sari. Amuna anga nawo anaseka, khungu la m'masaya likuwathina.

"Hanmant Lokhande!" anaitana namwino. Kwathu mkazi satchula dzina la mwamuna wake, choncho ine dzina limenelo sinditchula ndi pakamwa panga, koma ndinaimirira msanga kuposa mwini wake.

Dokotala anali mayi wamfupi wotchedwa Inamdar, wa magalasi olendewera pachifuwa. Ndisanakhale n'komwe ndinawauza chimene anthu akunena kumudzi. Anagwedeza mutu, osadabwa.

"Tiyambe ndi chimenecho, kuti mitima ikhale pansi," anatero. "Bambo, tsinzinani."

Anapota kathonje n'kuyamba kuwakhudza pachipumi, patsaya, pamkono, paphazi. Akakhudza, amuna anga ankaloza pomwepo osaphonya. Kenaka anawagwiragwira kuseri kwa zigongono ndi kunsi kwa mawondo, akufufuza ngati mitsempha yakhuthala. Anaitana munthu wina amene anadzacheka pang'ono kunsonga ya khutu n'kupaka timadzi take pakagalasi, anapalanso timamba ta pakhosi kuti akaone ngati si chipere.

"Za khutuzo tidzamva mukadzabweranso," anatero dokotala. "Koma ndikuuzeni pano: khate siliyabwa chonchi, ndipo limapha khungu, munthu osamva kukhudza. Lanuli likumva mopitirira. Ngakhale likanakhala khate tikanalichiza, munthu n'kumakhala pakati pa ana ake bwinobwino. Koma maso anga akuona ziwengo."

"Ziwengo si zija zimatuluka munthu akadya nkhanu?" ndinafunsa.

"Zimenezo ndi mtundu umodzi. Zimatuluka msanga, zimatupa ngati wakwapulidwa ndi chitedze, tsiku lisanathe zasamukira pena kapena zazimirira. Zimenezo timafufuza pofunsa chimene munthu wadya kapena wamwa, nthawi zina pobaya pang'ono pamkono. Pali zina zobadwa nazo, monga za kamwana kamene mwakaona panjapo, zimayenda m'banja limodzi ndi mphumu. Ndiye pali izi. Chinthu chimakhudza khungu kwa zaka popanda vuto, kenaka tsiku lina thupi limachitenga ngati mdani, ndipo likatero siliiwala. Sizituluka pomwepo, zimadikira mawa kapena mkuja, n'chifukwa chake munthu sazindikira chamupweteka."

Atatero anayamba mafunso, ndipo anafunsa ngati wapolisi. Mumalima chiyani? Mumasamba sopo wanji? Kumutu mumadzola chiyani? Mumathira nokha mankhwala a mbozi? Zimakula nyengo iti? Anawavula malaya n'kutionetsa kuti pamsana ndi pamimba, pobisika ndi nsalu, panali posalala, koma m'zikope, kunsi kwa chibwano ndi kuseri kwa makutu ndimo munali moipitsitsa.

"Dzuwa silifika kunsi kwa chibwano," anatero. "Fumbi limafika. Chimene chikukuvutani chimauluka ndi mphepo n'kukakhala m'makwinya. Kodi munayamba mwachokapo pamudzi kwa nthawi yaitali?"

Amuna anga anati ayi. Ine ndinakumbuka.

"Munapita ku Mumbai, pamene achimwene anu anachitidwa opaleshoni. Munakhalako pafupifupi mwezi."

"Eya, zoona."

"Ndipo munabwerako nkhope ili bwino. Amayi anu ankati ndi madzi a kumpopi."

Dokotala anamwetulira n'kufunsa ngati m'munda mwathu muli gajar-gavat. Amuna anga anaseka.

"Adokotala, funsani ngati muli dothi. Limenelo ndakhala ndikulizula ndi manja kuyambira ndili mnyamata."

"Ndi amene tikumukayikira kwambiri. Koma sindiweruza mlandu popanda umboni."

Umboniwo sunatheke tsiku lomwelo. Atamva za jakisoni wa pasiteji ya basi, dokotala anavula magalasi n'kupumira m'mwamba. Anati mankhwala amenewo amatseka pakamwa khungu, moti ngakhale atamata chiyani silingayankhe, komanso ndi amene afufumitsa masaya ndipo akanatha kubweretsa matenda a shuga. Anawayeza magazi, anatipatsa mafuta ena opaka ndi mapiritsi ochepetsa kuyabwa, n'kutiuza kuti tidikire milungu ingapo kuti jakisoniyo achoke m'thupi. Anati kumsasa asakagonenso, ndipo pobwera tidzatenge zinthu zonse zimene amazikhudza kawirikawiri.

Potuluka anandiimitsa n'kundigwira khutu.

"Nanga inu, mayi, ndolo izi?"

"Zimandiyabwa pang'ono kukatentha. Zagolide ndinasungira mwana."

"Ndi matenda omwewo, kungoti anu ndi aang'ono. Chitsulo cha ndolo zotchipazi chimavuta anthu ambiri. Zivuleni."

M'basi amuna anga anandiyang'ana m'mbali. "Ndiye tonse ndife odwala matenda aakulu," anatero. Ndinawagunda ndi chigongono.

Tsiku lobwerera ndinanyamula chikwama chodzaza: sopo, mafuta a kokonati, fodya wawo wotafuna ndi laimu wake, nsapato za mphira, feteleza m'kapepala, masamba a anyezi, a mapira, a nimu. Namwino ataona anaitana mnzake kuti adzaone sitolo imene yabwera. Dokotala anayamba ndi kutiuza kuti za khutu zija zatuluka, mulibe kachilombo ka khate ngakhale kamodzi. Amuna anga anangoti, "Chabwino."

M'chikwama changa anasankhamo zochepa. Feteleza ndi laimu anakana, anati zimenezo zimawotcha khungu la munthu aliyense, ndiye sizingatiuze kanthu. Zambiri anali nazo kale m'timabotolo tawo: za simenti, za mphira, za chitsulo, za zonunkhiritsa, za utoto, ndi za zomera zingapo. Namwino ankaika kadontho ka chilichonse m'kambale kakang'ono ngati kachivundikiro ka batire la wotchi, timbaleto tili m'mizere papulasitala. Anamata mapulasitalawo pamsana ponse n'kulemba manambala pakhungu ndi cholembera chakuda.

"Masiku awiri osanyowetsa msana, osatuluka thukuta, osakanda," anatero namwinoyo. "Pakayabwa, pirirani. Ndiye kuti pakuyankhula."

Tinakhala kwa mlamu wanga Mangal, mlongo wawo wa amuna anga, amene amakhala mumzinda momwemo pafupi ndi mafakitale a nsalu. Munthu wozolowera kudzuka kukada n'kukagwira khasu anakhala pansi pa fani ngati mkwatibwi, akugona chafufumimba, akusamba ndi kansalu kuyambira m'chiuno kutsika. Ana a Mangal ankamuzungulira kuwerenga manambala. Tsiku lachiwiri amuna anga anayamba kudzikhula pamphuthu ya chitseko ngati ng'ombe.

"Achimwene, chokanipo apo!" anakuwa Mangal.

"Pali malo amodzi, kunsi kwa phewa la kumanzere. Pakuyaka moto."

"Paziyaka," ndinatero ine. "N'zimene tabwerera kuno."

Atamatula mapulasitala, msana wonse unali ndi timabwalo totuwa ta timbale tija, topanda kanthu. Koma kunsi kwa phewa la kumanzere kunali kabwalo kamodzi kofiira, kotupa, kodzaza timatuza ting'onoting'ono ngati mazira a nsomba. Dokotala anati tibwerenso pakapita masiku ena awiri, chifukwa pali zina zimafiira chabe ndi kuthina kwa pulasitala n'kuzilala, pamene chiwengo chenicheni chimakulirakulira. Titabwerera, kabwalo kaja kanali katakula, kakuoneka ngakhale uli pakhomo. Kena kapafupi nako kanali katafiira pang'ono. Dokotala anajambula ndi foni yanga n'kuwaonetsa eni msanawo.

"Uyu ndi gajar-gavat. Kofiira pang'onoka ndi maluwa a shevanti, amene mumapanga nkhata za kukachisi. Ndi apachibale, ndiye nawonso muziwatalikira."

Amuna anga anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. "Udzu," anatero. "Udzu weniweniwu."

"Sizipatsirana, ndipo mwana wanu sangatengere. Koma ndisakunamizeni, bambo. Thupi lanu silidzagwirizana nawonso udzu umenewu. Ukhale wauwisi, ukhale wouma, fumbi lake ndi limodzi. Tikupatsani mankhwala amphamvu, tiziyeza magazi pafupipafupi, khungu libwerera. Koma mukabwerera kukauzula ndi manja, tidzakhala tikutunga madzi ndi dengu."

Titafika pasiteji, basi ya kwathu inali itaima. Ine ndinawakokera ku ina, yodzera kutsidya kwa ngalande.

"Iwe, imeneyo si yathu."

"Lero ndi yathu."

Tinawapeza a Thorat onse ali pakhomo, akusankha mtedza pabwalo. Azakhali aja analiponso. Anatiyalira mkeka mwaulemu woziziritsa, ndipo a Sunandabai anatuma mtsikana kukaphika tiyi.

"Musavutike ndi tiyi, amayi," ndinatero. "Angazizire pachabe. Bambo a Sayali, vulani malaya."

"Pano?"

"Pompano."

Anavula pang'onopang'ono n'kutembenuka. Manambala akuda anali akuonekabe, ndi kabwalo kofiira kaja pakati pawo. Ndinafotokoza zonse monga anatiuzira dokotala: za kathonje, za khutu, za timbale. Bambo Thorat anaimirira, anavala magalasi n'kuwerama kuti aone bwino.

"Gajar-gavat?" anatero. "Ha! Mlamu wanga wa ku Barshi nayenso khosi lake lili ngati la njati. Kapena ndi zomwezi?"

"Apite akamumate," anayankha amuna anga, msana uli kwa eni nyumba.

Azakhali wamkulu anati iwo sananenepo za matenda aakulu, anangofunsa chabe. A Sunandabai anatembenuza mtedza m'lichero, kenaka anati, "Tamva, ndipo tasangalala. Komabe anthu anayankhula kale. Mwina tidikire nkhopeyo iyere, kuti pa tsiku la ukwati abale asamafunsefunse."

Ndinaimirira n'kukonza sari yanga.

"Amayi, sitinabwere kudzapempha ukwati. Mawu anachokera pakhomo pano n'kukafika mpaka kwa wometa wa kwathu. Ndabweretsa yankho pamene panachokera funso. Mulitumize njira yomweyo."

Nilesh anatithamangira mpaka kumsewu, akupepesa, akuti iye sanagwirizane nazo kuyambira pachiyambi. Amuna anga anamugwira paphewa n'kumuuza kuti palibe mlandu.

Patapita mwezi a Thorat anatumadi Vilas kudzanena kuti ali okonzeka. Tinamuitana Sayali kuti amve yekha. Anamvetsera mpaka pamapeto, kenaka anafunsa amalume akewo funso limodzi: pamene bambo ake ankagona kumsasa, Nilesh ananena chiyani kwa mayi ake? Vilas anati mnyamatayo ndi waulemu, sayankha akuluakulu.

"Ndiye akapeze mkazi waulemu ngati iyeyo," anatero Sayali. "Ine ndaitanidwa kukaphunzitsa ku Mohol. Ndiyambe kaye ntchito."

Apongozi anga analira, Vilas anakwiya n'kukhala nyengo yonse ya anyezi osaponda pakhomo pathu. Ine ndinagona tulo tabwino.

Khungu linabwerera pang'onopang'ono. Madzi anasiya kutuluka, makwinya a pachipumi anaphwa, nsidze zinamera ngakhale zopyapyala. Kuda kwina kunatsalira m'khosi, ndipo nyengo yotentha ikafika zikope zimayabwabe. Chovuta chenicheni sichinali mankhwala, chinali munda. Tinagawana ntchito mwatsopano. Iwo anatenga ng'ombe ndi mkaka: kukama m'khola la pakhomo, limene ndinalisesa mpaka kulizira pansi, ndi kupititsa zitini kumalo osonkhanitsira mkaka m'mawa ndi madzulo. Ine ndi akazi awiri aganyu tinatenga munda. Mvula yoyamba ikangogwa timavala magolovesi n'kuzula gajar-gavat asanachite maluwa, kuyambira pakhomo mpaka m'malire, n'kumukwirira m'dzenje. Wa m'mbali mwa msewu ndi wa m'minda ya anzathu sitingamuthe, ndipo mphepo sitingaimange. Choncho akamatuluka amavala malaya aatali manja ndi mpango kukhosi, akabwera amasamba nthawi yomweyo n'kudzola mafuta, zovalazo ine n'kuzichapa pazokha.

Chaka chimenecho anyezi anabereka kuposa kale, ndipo ndinaonetsetsa kuti amuna anga amva.

Tsiku lina m'mawa, mame asanaume, ndinaweramuka pamzere n'kuona munthu ataima pamsewu wa ngolo kumapeto kwa munda. Anali atavala malaya aatali, magolovesi anga akale, mpango utakulunga mutu wonse kungosiya magalasi a Vilas oyendera panjinga yamoto. Akazi aganyu aja anayamba kuseka mpaka wina anakhala pansi.

"Mukufuna chiyani kuno, bambo a Sayali?"

"Ndangodutsa. Mzere wachitatuwo madzi sakufika kumapeto."

"Akufika."

"Sakufika, ndikuona ndili pano. Mwatseka molakwika pamphambano."

Ndinapita kukayang'ana. Madzi sankafikadi. Ndinatsegula ndi khasu, iwo akundilangiza ndi manja ali patali, akukuwa ngati kapitawo.

"Mwaona? Popanda ine munda uno ungafe."

"Tamva, bwana. Tsopano kasambeni, dzuwa lisanakwere."

Anaima pang'ono akuyang'ana madzi akuyenda mumzere mpaka anafika kumapeto. Kenaka anakweza zitini za mkaka panjinga n'kupalasa kulowera kumudzi.